Zilombo za M'buku ndi Chiswe cha M'denga

Padali telala wina, munthu woti akagwira chinthu sachisiya, kaya ndi kolala yovuta kaya ndi mkangano. Tsiku lina, posesa kuseri kwa kabati m'shopu mwake, adapeza buku lakale lothothoka chikuto. Linkasimba za zilombo zochokera ku nyenyezi, zazing'ono ngati nthata, zimene zidatera padziko mwakachetechete n'kuyamba kudya zitsulo za milatho kuyambira m'kati.

Basitu, munthu adakodwa. Diresi la ukwati wa mwana wake wamkazi, limene adalisoka ndi mtima wonse, adalipachika pa msomali wa mtanda wa denga, iye n'kukhala pampando, mphuno m'buku.

"Koma anthu a m'bukumu ndi zitsiru!" ankatero akumenya tebulo. "Dzimbiri likugwa pa mlatho, iwo akungodutsa. Akudikira kuti adani abwere ndi malipenga? Ndikadakhala ine, ndikadazindikira tsiku loyamba."

Mkazi wake, amene ankasita zovala za makasitomala, adaloza timadothi tomwe tidagwera pa makina osokera.

"Bambo a mwana, m'mwambamu muli chiswe. Itanani kalipentala, kapena chotsani diresilo."

"Mayi, chiswe chochuluka chimamveka. Mwamva kalikonse inu? Ndimalize kaye bukuli, ndione ngati opusawa apulumuke."

"Opusa ali m'buku mokha?" adafunsa mayiyo, koma bambo anali atatsegula kale tsamba lina.

Timadothi tinkagwa m'mawa uliwonse. Telala ankangotipukuta ndi chigamba, maso ali pa mizere. Anthu a m'bukumo adamukwiyitsa mpaka adawalumbirira kuti sawasiya asanaone mapeto awo.

Masana ena, ukwati utayandikira, mvula idagwa yamphamvu. Telala anali pa mutu womaliza, pamene mlatho waukulu unkagwa ndi anthu ake, pomwe adamva phofo! Mtanda udathyoka pakati, lata n'kupindika, madzi a dzimbiri n'kukhuthukira pa diresi loyera lija. Msomali udang'amba nsalu kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Mtandawo m'kati munali mphako yokhayokha.

Mwana wake atafika adangogwira diresilo.

"Adadi, ndivala chiyani?"

Funso limenelo lidamulasa telala kuposa singano. Manyazi adamugwira, koma sadakhale pansi kulira. Adatseka buku masamba otsala osawerenga, adakokera makina pouma, n'kutsitsa nsalu yoyera imene ankasungira ntchito ina.

"Imirira apa ndikuyeze, mwanawe. Ngakhale zala zitupe, pa ukwati wako suvala chigamba."

Adapalasa makina mpaka miyendo kuuma, kalipentala akugogoda pamwamba pake. Diresi lidatha, ngakhale linalibe mikanda yonse ya loyamba lija, ndipo mtsikanayo adalivala osadandaula.

Akusita mpendero wa diresilo, mkazi wa telala adamuyang'ana mwamuna wake cham'mbali.

"Nanga opusa aja adapulumuka?"

"Sindidziwa, mayi," adayankha telala motsitsa mawu. "Ndidawaseka kuti akuyembekeza malipenga, chonsecho ine ndinkayembekeza omwewo. Chakudza sichiimba ng'oma."