Phula Lofiira la M'ndege

Mwambi uli ngati mtsinje, aliyense amaloza kumene akuti unayambira. Umene ndikufotokozereni lero, ana inu, ena amati unachokera kwa ofula uchi. Kwathu ku Mponela amati unatsika m'ndege, ndipo anabwera nawo ndi Zelifa.

Zelifa anali mayi wachitsikana wamanyazi kwambiri. Akasochera mumsika ankalolera kuzungulira katatu kusiyana ndi kufunsa njira. Mwamuna wake anali pasukulu ku Ulaya, ndipo tsiku lina anatumiza matikiti kuti Zelifa ndi mwana wawo Lonjezo amutsatire. Ulendowo unali wa tsiku lathunthu, pa ndege ziwiri.

Lonjezo anali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo anali atangochira malungo. Chakudya chilichonse ankachikankha, kupatula phala la ufa umene mayi ake ankakonza okha: chimanga, soya ndi mtedza, zonse zokazinga asanapite nazo kuchigayo. Kuchipatala anamupatsa timapiritsi tomwa atadya, n'kuchenjeza kuti mwanayo asamakhale ndi njala.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala Mayi Nachisale, ogulitsa nsalu, amene ndege ankaikwera ngati minibasi. Kawiri konse anasuzumira n'kufunsa ngati kamba wa mwana walongedzeka. Zelifa anali ndi mafunso odzaza lichero, koma anaopa kuoneka wotsalira, choncho anangoti zonse zili bwino. Mayi Nachisale sanaumirize. Anangosiya pakhonde kakontena kachivindikiro ndi kasupuni, n'kubwerera kwawo.

M'mawa wa ulendo Zelifa analongedza monga amachitira popita kumudzi pa basi. Anadzaza phala m'fulasiki yaikulu, thobwa m'botolo la malita awiri, nthochi zakupsa ndi mbatata yophika. Paketi ya ufa wokazinga, yoti akaphikire mwana akafika, inakana kulowa m'sutikesi, ndiye anaikankhira pansi pa chikwama cha m'manja pamodzi ndi kakontena kaja.

Pabwalo la ndege, wofufuza katundu anatulutsa botolo ndi fulasiki, n'kunena kuti zamadzimadzi zochuluka chotere sizilowa. Anaima pang'ono akumuyang'ana Zelifa, ngati akudikira kuti anenepo kanthu. Zelifa ankafuna kufunsa ngati phala la mwana wodwala nalonso n'loletsedwa, koma kumbuyo kwake kunali mzere wa anthu ovala bwino. Anangoti pepani, n'kunyamula mwana wake.

Ndege yoyamba Lonjezo anagona. Mu yachiwiri, yaitali ija, njala inamudzutsa. Nthochi zinali zitaphwanyika n'kuda, mbatata anailavula. Atabweretsa chakudya cha m'ndege, mpunga anaukana, buledi anamuponya pansi. Nthawi ya mankhwala inakwana n'kupitirira. Kulira kwake kunayamba kuchepa mphamvu, ndipo zimenezi zinamuopsa Zelifa kuposa kulira kokweza.

Pambali pa mbale panali kanthu kozungulira, kofiira, kosalala ngati chipatso. Zelifa anaganiza kuti mwina aka mwana angakalole. Koma mayi sapatsa mwana chimene sanalawe, choncho anachotsa kapepala kakunja n'kuluma. Mano analowa m'chinthu chonga kandulo. Anatafuna, chinthucho osasungunuka, chikungomatirira m'mano. Kulavula anachita manyazi. Anatseka maso n'kumeza.

Pampando woyandikana panali bambo wina wa imvi, a Kadzakumanja, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankapita kukaona mwana wake. Anaona zonse, koma sanaseke ndipo sanatembenuke. Anangotenga kawo kofiirako, n'kukagwira poonekera, n'kukoka kachingwe kake pang'onopang'ono. Chikopa chofiiracho chinagawika pakati, m'kati munatuluka tchizi choyera. Chikopacho anachiika pambali pa mbale mosamala, ngati munthu amene akungodzidyera yekha.

Zelifa anayang'ana chikopacho, n'kuyang'ana mwana wake amene anali atafooka pachifuwa pake. Kuyambira kuseri kwa mpanda mpaka kumwamba kuno, anthu akhala akumutsegulira khomo, iye osalowa. Anatembenukira kwa a Kadzakumanja.

“Bambo, pepani, chofiirachi n'chiyani?”

“Ndi phula, mayi. Amakutira kuti tchizi chisaonongeke,” anatero a Kadzakumanja motsitsa mawu. “Musadandaule, inu mwadya kamodzi. Ine ulendo wanga woyamba ndinadya tiwiri, n'kumati anthu akunja sadziwa kuphika.”

Zelifa anaseka misozi ili m'maso, ndipo funso loyambalo linatsegula njira ya ena. Anawafotokozera za malungo, za fulasiki yotsala pabwalo, ndi za ufa umene unali m'chikwama popanda moto wophikira. A Kadzakumanja anafunsa ngati ufawo unali wokazinga kale. Atamva kuti inde, anamuonetsa kabatani koitanira ogwira ntchito m'ndege. Zelifa anawapempha kuti amulankhulire, koma iwo anapukusa mutu.

“Chingerezi cha madzi otentha mukuchidziwa, mayi a mwana. Tikatsika ine ndilowera kwina, inu ulendo ukadalipo.”

Zelifa anadina kabataniko. Panabwera mtsikana wa yunifolomu, ndipo Zelifa anapempha madzi owira ndi shuga pang'ono. Mtsikanayo sanadabwe n'komwe. Anatenga kakontena ka Mayi Nachisale, Zelifa atathiramo ufa, n'kubwera nako phala likufuka nthunzi, atalitakasa kale. Anabweretsanso kapu ya madzi ozizira yoti akhazikemo kasupuni kakatentha.

Fungo la mtedza wokazinga litamufika, Lonjezo anadzutsa mutu n'kuyasamula kukamwa. Anadya mpaka kupala pansi, anamwa piritsi lake, n'kugona thukuta lili pamphumi. Ndege isanatere, Zelifa anadinanso kabatani kaja kawiri.

Atafika anaimbira foni Mayi Nachisale kuthokoza kakontena, n'kuulula zonse. Mayiwo anamuuza kuti akanafunsa, akanamulangiza kunyamula zouma zokhazokha m'timapaketi, chifukwa madzi otentha m'ndege sasowa. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena mawu amene anafalikira msika wonse wa nsalu: “Safunsa anadya phula.”

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Kusadziwa si mlandu, pakuti palibe anabadwa akudziwa kusenda tchizi. Cholakwika n'kubisa kusadziwako pamene odziwa ali pafupi, ena mpaka akudikira kuti muwafunse. Manyazi a kufunsa amatha funso likangotuluka pakamwa, koma amene wakhala chete amameza phula, ndipo nthawi zina wovutika ndi njala amakhala mwana amene wamunyamula.