Timaenje ta pa Mpeni wa Bambo

Pali anthu ena amene sangadutse chinthu chong'ambika osachigwira, ndipo Naphuma anali mmodzi wa iwo. Anali telala. Shopu yake inali kachipinda kamodzi kumapeto kwa msewu wa amisiri, pakati pa wokonza mawailesi ndi wosula mipeni. Munthu akabwera kudzafupikitsa thalauza, ankachoka atamusokeranso batani la malaya amene wavala, iye asanapemphe n'komwe. Dzina la Naphumalo anam'patsa ndi bambo ake, ndipo linamukwana bwino: ankayankha funso lisanathe, tiyi ankathira madzi asanawire.

Bambo akewo, kalipentala wakale, ankakhala naye kuyambira pamene ng'ala inawaphimba maso. Mayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo sanasiye kanthu. Zovala anagawana achibale, chithunzi chimodzi chokha chimene chinalipo chinadyedwa ndi chiswe m'sutikesi. Naphuma nkhope ya mayi ake sankaikumbukira, ndipo zimenezi zinkamupweteka mumtima ngakhale sankanena kawirikawiri.

Tsiku lonse nkhalambayo inkakhala pakhonde, pa mpando umene inakhoma yokha, m'manja muli mpeni wopinda wa m'thumba. Unali wa mtundu wakale uja, wa chitsulo chimodzi chowonda ngati tsamba la bulugamu, ndi chogwirira cha mtengo chokhota pang'ono kumapeto. Pa nthawi yake mpeniwo unagwira ntchito. Unasongola mapensulo a m'shedi ya matabwa, unazula minga m'mapazi a Naphuma, unasenda malalanje khoko lonse n'kutuluka limodzi losaduka, mwana akuwomba m'manja. Tsopano unatsala ndi ntchito imodzi yokha. Bambowo ankautsegula, n'kuutseka kuti kha, kenaka chala chachikulu n'kumayendayenda pa chogwirira, pamalo amodzimodzi.

Kwa Naphuma mpeniwo unali chitsotso m'diso. Chitsulo chinali chitada bii, chogwirira chitang'aluka n'kumangidwa ndi kawaya, ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi timaenje tondondozana, ngati chimanga chimene khoswe wayamba n'kuchisiya.

"Bambo, anthu akaona chimpeni chimenecho aziti mwana wanu sakusamalani," anatero tsiku lina akusesa pakhonde.

"Anthu ake ati? Omwe sindikuwaonawo?" Bambowo anaseka. "Tasiya tsachelo, khala pansi apa, ndikuuze za mpeni umenewu."

"Ndikubwera, Bambo, ndasiya madzi pamoto."

Sanabwere. "Ndikubwera" wa Naphuma ankamudziwa aliyense: ankapita osabwerera.

Wosula mipeni uja, mnzake woyandikana naye shopu, anali bambo wofatsa amene anaphunzira ntchito kwa amalume ake. Ankasula mipeni yopinda ya maonekedwe akale omwewo, osasintha ngakhale kukhota kwa chogwirira, koma zipangizo zake zinali za lero. Chitsulo chinali chosachita dzimbiri. Chogwirira ankachipanga ndi tizidutswa ta nsalu totsala kwa Naphuma: ankatisanjikiza, n'kutinyika mu guluu wamphamvu, n'kutipana pa chopanira mpaka titauma gwa ngati nyanga. Akapala ndi sandipepa, mitundu ya nsalu ija inkatuluka m'mizeremizere yokongola, moti anthu ankaima pawindo kungoyang'ana.

"Nkhope ndi ya makolo, thupi ndi la lero," ankatero mmisiriyo. "Mvula singaulowe, chiswe chimangoulambalala. Ngakhale mutauluma, simungasiyepo dzino."

Kenaka kunabwera nkhani yabwino. Madokotala anati ng'ala ya diso limodzi ingathe kuchotsedwa, koma bambowo ayenera kugonekedwa masiku angapo. M'mawa wopita kuchipatala, nkhalambayo inapisa m'thumba, n'kufufuza dzanja la mwana wake, n'kuikamo mpeni uja.

"Kumeneko salola mipeni. Undisungire, mwana wanga. Uike poti sungatayike."

Naphuma anavomera, koma mtima wake unali utathamanga kale. Pochokera kuchipatala sanafike n'kunyumba komwe. Analunjika kwa wosula mipeni, n'kuuika mpeniwo patebulo pakati pa matupa ndi tizitsulo.

"Amisiri, bambo akamatuluka adzakhala akuona. Ndikufuna chinthu choyamba kuchiona chikhale chokongola. Muuveke chogwirira chanu chija."

Mmisiriyo anautembenuza, n'kuutsegula, n'kumvetsera kulira kwake potseka. "Chitsulo ichi n'chabwino, chikungofuna kupukuta ndi kunola. Chogwiriracho ndiye chatopa, zoona. Koma eni ake akudziwa?"

"Akadziwa ndiye mphatso yake ikhala pati?"

"Nanga timaenje iti n'ta chiyani?"

"Makoswe. M'shedi mwawo munali makoswe onenepa ngati amphaka."

Mmisiriyo anapukusa mutu. "Kaya, mayi. Ine mpeni wa munthu wamkulu ndimauopa. Kafunseni kaye, mpeni suthawa."

"Amisiri, inu mukabweretsa thalauza kwa ine, ndimakufunsani mbiri ya chigamba? Ndimangosoka. Inunso sulani."

Wokonza mawailesi, amene ankamvera ali pakhomo pake, anaseka chikhakhali, ndipo nkhani inathera pomwepo. Naphuma anasankha yekha nsalu, yobiriwira ndi yakuda. Mmisiriyo anagwira ntchito yake ndi mtima wonse. Anakhomola timisomali takale, anachotsa matabwa awiri a chogwirira mosamala, anapukuta chitsulo mpaka chinayamba kuonetsa nkhope. Tsiku lokatenga, anam'patsa Naphuma mpeni, n'kumupatsanso kaphukusi ka pepala.

"Umu muli matabwa akale aja. Ndi anu, musunge."

Koma Naphuma ndi kusunga zinyalala zinali zinthu zotalikirana. Atalowa mu shopu anapeza makala a simbi akuzilala, pamene diresi la kasitomala likudikira kusita. Anamasula kaphukusi kaja, n'kuponya timatabwa tiwirito pa mbaula. Mtengo wouma umene unamwa thukuta la m'manja kwa zaka zambirimbiri unayaka bwino kwambiri, moti iye anachita kuuyamikira. Anasita diresi lija, makwinya onse anatha, ndipo phulusa anakataya kudzala.

Kunena chilungamo, mpeniwo unakongola. Naphuma ankautulutsa m'chikwama n'kumausirira, akuganizira mmene bambo ake adzasekerere.

Anawatulutsa m'chipatala m'mawa wa dzuwa lowala. Atafika kunyumba anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pa mpando wawo pakhonde, n'kumayang'ana chilichonse ngati mlendo: mtengo wa lalanje umene unakula iwo osauona, denga la oyandikana nawo, nkhuku. Kenaka diso lija linaima pa mwana wawo.

"Iwe Naphuma, imvi zimenezi wazitenga kuti? Ine ndinasiya mtsikana!"

Anaseka onse awiri mpaka misozi. Naphuma anali ataima, dzanja limodzi kumbuyo, mpeni ataukulunga m'kansalu koyera. Ankangodikira mpata. Bambowo anapukuta m'maso, n'kutambasula dzanja.

"Tsopano bweretsa mpeni wanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikungowapapasa. Lero ndikufuna ndiwaone mano a mayi ako."

"Mano a ndani, Bambo?"

"A mayi ako. Timaenje tija." Dzanja linali chitambasulire. "Si nkhani yoti bambo azikamba ndi mwana wamkazi, n'chifukwa chake ndinkazengereza, iwenso sunkakhazikika. Koma wakula, imvi ndi izo. Iwe phuma unayamba uli m'mimba. Unabwera mwezi wako usanakwane, mvula ikugwa, ife tili pa lole kuthamangira kuchipatala. Lole inatitimira m'matope. Azimayi amene anali m'lolemo ananditsitsa, akuti mwamuna alibe ntchito pano. Ndinaima pamvula, ndikumva mayi ako akubuula. Kenaka mmodzi anasuzumira n'kunena kuti, tipatseni choti alume, angadzilume lilime. M'thumba munalibe china. Ndinapereka mpeni wotseka."

Bambowo anamwetulira.

"Anauluma, mwana wanga. Mkazi uja anali ndi mano! Anali ndi kampata kutsogolo, ndipo pa mtengopo kampatako kakuoneka, pali malo amene sipanalowe dzino. Ndimati ndikaika chala pamenepo ndimamuona akuseka. Mchombo wako anadulira mpeni womwewo. Zovala anatenga, chithunzi chinapita ndi chiswe, koma mano ake palibe anawaganizira. Ndinkati ndikadzafa udzatenge ndiwe, udzakhale nako kanthu ka mayi ako."

Naphuma akanatha akanathawa, koma dzanja la bambo ake linali likudikirabe, ndipo panalibe kwina kopita. Anaika kansalu kaja m'dzanjamo.

Nkhalambayo inamasula pang'onopang'ono. Chogwirira chobiriwira chinanyezimira padzuwa. Anauyang'ana mbali iyi, anautembenuza mbali inayo. Kenaka chala chachikulu chinapita chokha pamalo pake pa masiku onse. Chinatsetsereka mpaka kumapeto osakhumudwa pa kanthu, chinabwerera, chinatsetserekanso.

"Matabwa akale aja ali kuti?" Mawu anali otsika.

Bodza linabwera pamilomo, loti ali kwa mmisiri, koma linakanika kutuluka.

"Anandipatsa kuti ndisunge, Bambo. Ndinasonkhezera mbaula ya simbi. Ndinkayesa ndi makoswe."

Bambowo sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, akanamutukwana, akanaponya mpeniwo kuchire. Anangoyang'ana mtengo wa lalanje ndi diso lawo latsopanolo. Patapita nthawi anatsegula mpeni, n'kuyesa kuthwa kwake pa chikhadabo monga amachitira akalipentala, n'kuutseka kuti kha.

"Kulira ndi komweko," anatero. "Wosulayu ndi mmisiri, ukamuthokoze. Wakongola ndithu."

Anaulowetsa m'thumba la malaya, ndipo manja anawaika pamaondo. Naphuma anaona chala chachikulu chija chikusisita chala chinzake, chikufunafuna chimene kulibe. Apo ndi pamene analira, kulira kwenikweni kwa mwana wamasiye, kumene sanalire pa maliro a mayi ake chifukwa anali wamng'ono. Zaka zonse ankadandaula kuti mayi ake sanamusiyire kanthu, chonsecho kanthuko kankagona m'nyumba mwake momwemo, ndipo anakatentha ndi dzanja lake kuti asite diresi la mwini.

Tsiku limenelo shopu sinatsegulidwe. Naphuma anakhala pansi pa simenti, pafupi ndi mwendo wa mpando, malo amene ankakhala kale podikira lalanje.

"Bambo, kampatako kanali mbali iti?"

Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka inamugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa. "Tayasamula." Inasuzumira, n'kupukusa mutu. "Ayi, iwe unatengera ine. Kanali apa, pakatikati. Ndikanakuonetsa."

Mpeni uja ulipo mpaka lero, ndipo monga ananenera mmisiri, mvula sinaulowe, sunang'aluke, palibe chimene chasiyapo chizindikiro. Naphuma akauona pa tebulo amakumbukira kuti anauzidwa kuti akhale pansi, anauzidwa kuti akafunse, anauzidwa kuti asunge, koma iye anali ndi madzi pamoto. Ankayesa akutengera bambo ake uchi. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.