"Koma" wa Telala

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo pamsika wa kwawo. Anali mmisiri weniweni. Ukamupatsa nsalu, ankangokuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, tepi ili lende pakhosi osaigwira, ndipo malaya ankakukwana ngati unabadwa nawo. Vuto lake linali limodzi. Ankamwa. Sindikunena kumwa kwa paukwati kapena kwa tsiku la msika ayi. Ankamwa kachasu tsiku ndi tsiku, ndipo kabotolo kake kankakhala pansi pa makina, m'thumba la zidutswa za nsalu.

Mkazi wake atamwalira, kumwako kunanyanya. Maso ake anayamba chikasu, mimba inatupa, mapazi anakana nsapato. Atapita kuchipatala, dokotala anamuyeza n'kumuuza mosabisa kuti chiwindi chake chatopa. Akasiya mowa, moyo ulipo. Akapitiriza, manda sali kutali. Kenako anamutumiza kwa namwino wina amene ankalangiza anthu a vuto lotere.

Inu ophunzira unamwino, namwino ameneyu musafulumire kumuweruza. Anali mayi wa mtima wabwino, wodziwa ntchito yake, wolawira m'mawa ndi woweruka anzake atapita. Odwala ake ankawakonda, kungoti chikondi chake chonse chinkatulukira pakamwa. Pakhoma la chipinda chake panali chithunzi cha ziwindi ziwiri, china chosalala, china chokwinyika. Telala akangokhala pansi, iye ankaloza chokwinyikacho n'kuyamba. Ankanena za chiwindi, za ubongo, za ana, za manyazi. Miyambi nayo siinkasowa. Ankamukumbutsa kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada, ndiponso kuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Pa zonse zimene ankanena panalibe bodza ngakhale limodzi.

Telala anali munthu waulemu. Ankamvetsera chipewa chili pabondo, akugwedeza mutu. Namwino akapuma, iye ankayankha mofatsa.

"Zoonadi anesi, koma agogo anga anamwa mpaka kuyendera ndodo."

Ulendo wina ankati, "Inde anesi, koma ine sindimenya munthu." Ulendo winanso, "Mukunena zoona, koma ntchito ndimagwira." Kuvomera ankavomera ndithu. Kungoti kumapeto kwa kuvomera kulikonse kunkabwera kamawu kakang'ono kaja, ndipo kakabwera, zonse za kutsogolo kwake zinkagwa.

Onani chimene chinkachitika. Mumtima mwa telala munali mlandu, ndipo mlandu umakhala ndi mbali ziwiri. Mbali ina inkati siya, ina inkati imwa. Namwino anatenga mbali yoti siya, yonse yathunthu, osamusiyira mwini mlandu ngakhale kachidutswa. Nanga munthu wamkulu akanaima pati? Anaima pamene panatsala malo. Anasanduka nkhoswe ya kachasu. Ndipo ulendo uliwonse akauikira kumbuyo mowa, ankadzimva yekha akulankhula, n'kutuluka m'chipindamo atakhulupirira kuposa mmene analowera.

Namwino zinkamupweteka. Ankaona maso aja akunka nachita chikasu, ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Anaganiza monga timaganizira ife a chipatala, kuti mankhwala akapanda kugwira ndiye kuti mlingo wachepa. Choncho anawonjezera mawu.

Tsiku lina telala anabwera atawonda nkhope. Thalauza lake anali atalimasula m'chiuno n'kuikamo chigamba kuti mimba ikwane, ndipo chigambacho, ngakhale chinali cha mmisiri, chinali chokhota. Namwino atangokonza pakhosi kuti ayambe, telala anakweza dzanja.

"Anesi, lero pumulani. Mumatopa. Ndikunenerani ndine."

Anaimirira, naloza chiwindi chokwinyika chija, nayamba. Ananena za chiwindi, za ubongo, za ana, za manyazi, m'ndondomeko yake. Pusi anagwa chagada pamalo pake, nkhwangwa nayo inafika pa nthawi yake. Ngakhale pamene namwino ankausa moyo, iyenso anausa moyo. Sankanyoza ayi. Ankachita ngati munthu wolandira mnzake katundu wolemera.

Atatha anati, "Ndanena bwino? Basi ndizipita, ena alowe. Ndipo musavutike kundiuza tsiku lina lobwera. Ndikungokutayitsani nthawi."

Anavala chipewa. Namwino anadziwa kuti munthuyu akangotuluka pakhomo limenelo, adzamuonanso atanyamulidwa. Mawu anadzadza m'kamwa mwake, ena aukali, ena ochonderera. Atawayang'ana bwino, anapeza kuti onse telala wawanena kale. Anasowa mtengo wogwira.

Pamenepo anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anachotsa chithunzi chija pakhoma n'kuchivundikira patebulo. Anatenga mpando wake kuseri kwa tebulo n'kuuika pambali pa mpando wa wodwala.

"Bambo, takhalani pang'ono. Zimene ine ndimadziwa mwazinena zonse. Tsopano mundiuze zimene sindidziwa. Kodi mowawu umakuchitirani chiyani chabwino?"

Telala anamuyang'ana mokayikira. Chiyambire kumwa, anthu anali atamufunsa kuti adzasiya liti, kuti alibe manyazi kodi, kuti akufuna kufa kodi. Funso ili linali lachilendo.

"Mukunditchera msampha, anesi?"

"Ayi. Munthu wa nzeru ngati inu simungakakamire chinthu chosakuthandizani kalikonse. Ndikufuna ndimve."

Telala anavula chipewa, nakhala pansi. Poyamba ankalankhula mozemba, kenako mawu anamasuka. Anati m'mawa manja ake amanjenjemera, ulusi umakana kulowa pasingano, koma akangolawa pang'ono umalowa. Anati kumowa amamutchula kuti amisiri ndipo amamusendera malo, pamene kutchalitchi amamuyang'ana cham'mbali. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndiye pali nyumba ija. Chimwalirire mayi a ana anga, m'nyumba muja muli zii. Iwo aja ankalankhula, anesi, ankakuposani inu. Ndikaweruka ndimapeza mpando wawo uli pomwe anausiya. Chete ameneyo amandiboola m'makutu. Ndikamwa, sindimumva."

Namwino sanatsutse. Sanavomerezenso kuti kumwa n'kwabwino. Anangobweza zimene anamva, kuti mwiniwake azimvenso.

"Ndiye kuti m'mawa mowawu umakugwirani manja, ndipo madzulo umakuchezetsani m'malo mwa mayi."

"Eya, mwamva. Lero mwamva." Telala anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Umakoma, anesi. Ndisaname, umakoma." Anayang'ana manja ake. "Umakoma, koma..."

Anathera pomwepo.

Ana anga, apa m'pamene panali ntchito yonse. Namwino ankadziwa mawu khumi oti amalizire nawo chiganizo chimenecho, ndipo onse anali pansonga ya lilime. Panja odwala ankatsokomola pamzere. Wina anagogoda, nasuzumira, nabwerera. Kwa mayi wolankhula ngati uja, kukhala duu kunali kowawa kuposa jakisoni. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anagwira milomo yake, nadikira.

Patapita kanthawi telala anapitiriza yekha. Anati mwana wake wamkazi, Enelesi, anabereka mwana, mdzukulu wake woyamba. Atamva kuti akubwera naye kudzamuonetsa, iye anasamba, anameta ndevu, ndipo m'mawa umenewo sanalawe ngakhale dontho, kuti khandalo lisamve fungo. Anamuika mwanayo m'manja mwake. Manja aja anayamba kunjenjemera, mutu wa mwana n'kumagwedezeka.

"Enelesi sananditukwane," anatero telala. "Bola akananditukwana. Anangoti, 'Bweretsani ababa, ndikugwirireni, inu muzingomuona.' Anamutenga. Ndinali nditamusokera kadiresi mwanayo, koma misoko yake inakhota. Ndinakabisa. Ine, amene ndasokera maukwati a dera lonse lino."

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Ndikufuna kumunyamula mwana uja, anesi. Ndikufuna adzandidziwe ndikuyenda. Asadzachite kumulozera mulu wa dothi kuti agogo ako agona apa."

Namwino naye maso anali atanyowa. Za chiwindi sanatchule. Anangofunsa kuti, "Ndiye inu mukuganiza zotani, bambo?"

Telala anati, "Kodi munthu amayambira pati?"

Apa tsopano m'pamene namwino anamasula thumba la nzeru zake, chifukwa zinali zitapemphedwa. Anamuuza kuti munthu amene thupi lake lazolowera mowa chotere asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa akhoza kukomoka kapena kusokonezeka mutu. Anamuuza kuti pali mankhwala othandiza masiku oyambawo, ndipo kuti ndi bwino ayambire kuchipatala komweko, ali ndi wachibale pambali. Anamufunsa kuti angakonde kubwera ndi yani. Telala anati Enelesi. Tsiku loyambira anasankha yekha.

Masiku oyambawo anali owawa. Thukuta, kusanza, kubuula. Anadutsamo. M'kupita kwa miyezi chikasu cha m'maso chinachepa, mapazi anavomeranso nsapato. Ulusi unayamba kulowa pasingano popanda kupempha chilolezo kwa botolo. Ndipo tsiku lina, atakhala pamkeka, anamunyamula mdzukulu wake mpaka mwanayo anagona, Enelesi ali kuseri akuchapa.

Ndikuona ena mwayamba kumwetulira, mukuyesa nkhani yathera m'nthungululu. Mukadzagwira ntchitoyi mudzadziwa kuti siithera pamenepo. Mnzake wina wa telala anamwalira. Pamaliro anzake akale anamusendera malo monga kale, namutcha amisiri, namupatsa chikho. Analandira. Mawa lake analandiranso.

M'mawa wina namwino atatsegula chitseko anamupeza telala ali patsogolo pa mzere, chipewa chili m'manja. Fungo linalowa m'chipinda mwiniwake asanalowe. Palibe anamuitana. Tsiku lake lobwera linali lisanakwane. Anaima pakhomo, maso ali pansi.

"Anesi, ndamwanso."

Namwino mtima unagwa, pakuti ankadziwa kuti chiwindi chija sichingapirire zambiri. Telala anakweza maso.

"Koma ndabwera."

Namwino anakoka mpando n'kuuika pambali pa wake, ndipo anayambiranso.

Tsopano inu, amene posachedwapa muvale zoyera n'kupatsidwa zipinda zanu. Mitu yanu yadzadza mabuku, ndipo n'zabwino, chifukwa tsiku lidzafika loti wodwala afunse poyambira, ndipo tsoka kwa inu mukadzasowa yankho. Koma dziwani ichi. Aliyense amene adzakhale patsogolo panu, wa kachasu, wa chamba, wa mapiritsi, adzabwera ndi mlandu wa mbali ziwiri mumtima mwake. Kuipa kwa chinthucho akukudziwa kale, mwina kuposa inu, pakuti amagona nako. Adzabweranso ndi "koma" wake. Ameneyo simungamulande. Chimene mungasankhe n'chakuti adzagwere mbali iti, pakuti amagwera kumene inu mwasiya malo.

Inu a kumbuyoko, ndakuonani mukulemba funso la namwino lija mwaliwiro ngati ndi mankhwala a chikondi. Lembani, koma funsolo palokha silichiza. Linagwira ntchito chifukwa mayi uja ankafunadi kumva yankho lake. Wodwala amadziwa msanga ngati mukumufunsa kapena mukumutchera.

Ndipo akadzafika pa "koma" n'kuima, ndikukupemphani, musamumalizire. Mzere udikire. Lilime likuyabweni. Mawu otsatirawo ndi ake, ndipo ndi okhawo amene adzapite naye kunyumba inu mutatsala.