Mfuti ya Mpope Umodzi ya a Overton

M'nyumba ya a Overton Kachale ku Romford, chakum'mawa kwa mzinda wa London, mpando umodzi wokha ndiwo unkaperepeseka. Chimwalirireni akazi awo, bambowa akaweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito ankafikira kutsegula wailesi, kuti m'nyumbamo mumveke mawu a munthu. Ana awo anali ku Manchester, ndipo ankaimba foni akakumbukira. Kutchalitchi ankapita ndithu, koma ankatuluka anthu asanayambe kupatsana moni pakhomo.

Amene anawatulutsa m'nyumbamo anali a Walter Sakala, mkulu wa ku Chipata amene anakalambira pachiwongolero cha basi za mu London. Loweruka lina anawatenga pagalimoto kupita nawo kukilabu ina kunja kwa tauni, kumene anthu amawombera timbale tadothi. Makina amaponya kambale m'mwamba, munthu n'kukawombera kasanagwe. Akakaphonya, amaloledwa kukatsatira ndi chipolopolo chachiwiri, n'chifukwa chake onse kumeneko anali ndi mfuti za mipope iwiri. A Walter akatha kuwombera ankapereka yawo kwa a Overton, iwo n'kuima kumbuyo akumwa tiyi, kwinaku akunyoza maimidwe a mnzawoyo.

Loweruka linasanduka tsiku lokhalo limene a Overton ankaseka. Masewerowo ankawakonda, koma chimene ankachidikira sabata yonse chinali ulendo wapagalimoto, akulu awiri akukangana ngati chimanga chokoma chimachokera kwawo kwa a Overton ku Mchinji kapena ku Chipata.

Tsiku lina mzungu wina wachikulire wa pakilabupo, wopanda n'chifukwa chomwe, anaona mfuti ikuchoka m'manja kupita m'manja, n'kunena moseka kuti mfuti imeneyi ili ndi amuna awiri. Onse anaseka, a Overton nawonso anaseka, koma mawuwo anawalasa mumtima. Kwawo anakula akumva kuti mwamuna sakalambira pakhasu lobwereka. Anayamba kudziona ngati mlendo amene wakhalitsa.

Anatenga laisensi kupolisi, anakhomera kabati yachitsulo kukhoma monga lamulo lifunira, ndipo m'sitolo ina yamfuti anapeza yogwiritsidwapo kale ntchito, yaitali, yosamalika, yotsika mtengo. Inali ya mpope umodzi. Pobwerera kukilabu anawaonetsa a Walter chithunzi chake pafoni.

"Ni yabwino, mudala, koma si ya kuno," anatero a Walter. "Kuno tiwombera kawiri. Mukaphonya koyamba, muzachita bwanji? Muzaiponyela nsapato?"

"Ndiye kuti ndiphunzira kusaphonya," anayankha a Overton.

"Imwe, sebenzesani yanga mpaka mupeze ya mipope iwiri. Nadandaulapo ine?"

"Simunadandaule, achimwene. Koma munthu umafunika kukhala ndi chako."

A Walter anangopukusa mutu. Sabata yotsatira a Overton anakagula mfutiyo, osauza munthu.

Kunena chilungamo, mfutiyo inalibe chilema. Vuto linali mwini wake, amene anali asanafike poti n'kudalira chipolopolo chimodzi. Kambale kakawapulumuka, ankangokayang'ana kakupita kukagwa m'maudzu, pomwe anzawo ankakatsatira n'kukaswa. Podziwa kuti alibe mwayi wachiwiri, anayamba kuwombera mwamantha, ndipo ankaphonya ngakhale timene kale ankaswa mosavuta. Pampikisano wa magulu, gulu lawo linatsirizira kumbuyo chifukwa cha iwo. Palibe anaseka, palibe anadandaula. Chete ameneyo anawapweteka kuposa chitonzo.

"Tengani yanga, mudala," a Walter anawanong'oneza. "Palibe azakamba."

"Iyi yomweyi ndiizolowera," anatero a Overton, maso ali pansi.

Sanaizolowere. Kuvomera kuti analakwitsa kunawalemera, kubwerera kumfuti yobwereka kunawalemera koposa, choncho anasankha njira yachitatu, yongosowa. Loweruka loyamba anati awasinthira shifiti. Lachiwiri anati msana. Kenako analeka n'kuyankha komwe foni. Ikalira ankaiyang'ana mpaka itasiya, mtima ukufuna, dzanja likukana. Madzulo ena anamva kugogoda, atasuzumira pakatani anaona galimoto ya a Walter panja. Anatsitsa wailesi n'kuima chilili kukhitchini ngati mbala m'nyumba mwawo momwe, mpaka galimotoyo itachoka. Zimenezi zinachitikanso tsiku lina. Nthawi zonsezo ankadziuza kuti adzapita okha akadzapeza mfuti yoyenera, kuti akafike mutu uli m'mwamba.

Nyengo yozizira inabwera n'kupita. Mfuti inali m'kabati, mwini wake pampando, aliyense m'bokosi lake. Anasungulumwa kuposa kale, chifukwa tsopano ankadziwa chimene Loweruka lingakhale.

Tsiku lina pamsika wa ku Romford anakumana ndi Monde, mwana wamkazi wa a Walter. Panalibe pothawira. Anamupatsa moni m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi monga amachitira ana obadwira kuno, koma mawu oti ankolo sanawasiye.

"Ankolo, munasowa. Adadi anakufunafunani."

"Ntchito, mwanangu. Ali bwanji mkuluyo? Ndakhala ndikuti ndipite ndikawaone."

Monde anawayang'ana modabwa. "Simunamve? Anabwerera ku Chipata mwezi watha, iwo ndi amami. Maondo anawavuta, ndiye anati kuzizira kwa kuno kwawakwana. Sabweranso."

A Overton anagwiritsitsa thumba lawo la matimati.

"Anabwera kwanu kawiri, mfuti ili m'galimoto," anapitiriza Monde. "Ankafuna kukusiyirani, poti laisensi muli nayo. Ankati palibe wina woyenera. Ataona kuti simukutsegula anaganiza kuti anakulakwirani penapake, ndiye anakaigulitsa kusitolo. Mpaka tsiku lonyamuka ankafunsa amami kuti kodi ndinamuyankhula chiyani munthu uja."

 Monde anawauza kuti nambala ya bambo ake sinasinthe, kuti akhoza kuimba nthawi iliyonse, ndipo anatsanzika n'kuthamangira basi.

Atafika kunyumba anakhala pansi, foni ili m'manja, dzina la a Walter lili poyera. Anaganiza zoti anena, anaganiza za mmene ayambire, anaona kuti nthawi yatalika kwambiri moti kupepesa tsopano kungakhale kochititsa manyazi kuposa kale. Anaika foniyo pathebulo n'kunena kuti aimba mawa. Mawa limenelo silinafikebe, ndipo ku Chipata kuli nkhalamba imene ikufufuzabe mlandu umene sinapalamule.

Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi idafera kuuna.