A Thawale ndi netiweki yomwe inkati ili bwino

Panali munthu wina, bambo Thawale, amene ankayang'anira makompyuta ndi intaneti pa koleji ina ya zaulimi, kutali ndi tauni. Ntchito yawo ankaidziwa, ndipo sankabisa kuti amaidziwa.

Chaka chimenecho kolejiyo inapatsidwa mwayi woti ophunzira alembere mayeso awo omaliza pa intaneti, m'laibulale yawo yomwe. Koma pa mayeso oyeserera zinthu zinavuta. Munthu ankamaliza kulemba, n'kudina kuti atumize, kachizindikiro n'kumangozungulira mpaka nthawi kutha. Akuluakulu a mayeso sanapite m'mbali: zikachitikanso, aliyense azikalembera ku tauni. Ambiri mwa ophunzirawo anali ana a alimi. Ulendo wa ku tauni ndi malo ogona sakanakwanitsa, ndipo sukulu yawo ikanathera pomwepo.

Mayi Kamwendo, mkulu wa kolejiyo, anaitana a Thawale.

"Bambo Thawale, anawa akulira. Netiweki yanuyi yatani kodi?"

"Mayi, ine ndimaiyeza tsiku ndi tsiku. Ikuthamanga ngati mphepo."

Sankanama ayi. M'mawa uliwonse ankanyamula laputopu yawo kupita ku laibulale, n'kutumiza timauthenga tawo toyesera kuti aone ngati tipita ndi kubwerera msanga. Timauthengato tinkabwerera tonse, mofulumira. Ndiye a Thawale ankatuluka akuimba likhweru, mumtima akuti ana a masiku ano n'ngodandaula basi.

Tsiku lina ataweruka kuyezako anaiwala chipewa chawo patebulo. Pobwerera kukachitenga anadzera kuseri, ndipo podutsa pazenera anamva phokoso. Anasuzumira. Ophunzira anali thoo m'chipindamo, wina akumenya tebulo, wina wagwira m'mutu, wina akukweza foni m'mwamba ngati akuitanira mvula. Netiweki inali itafa.

A Thawale anathamanga. Atangoponda pakhomo, woyang'anira laibulale anaomba m'manja monga ankachitira masiku onse.

"Tasiyani kaye nonse! A injiniya afika, tiwapatse mpata agwire ntchito."

Malaputopu onse anatsekedwa, mafoni n'kulowa m'matumba. Ophunzira anaimirira mwaulemu n'kupereka moni. A Thawale anayeza, ndipo netiweki inayankha bwino lomwe.

Anaima chilili, chipewa chili m'manja. Kenaka anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka ophunzira anayang'anana. Masiku onsewa ankayeza msewu umene anthu aupatuka kuti bwana adutse. Ulemu womwe ankaunyadira uja ndi umene unkawatseka m'maso.

Masana omwewo analowa m'kachipinda komwe mawaya onse a pakolejipo ankakumana. Anaikamo pulogalamu yongomvetsera. Pulogalamu imeneyi situmiza kanthu kake pa netiweki, ndipo siwerenga zomwe anthu akulemberana. Imangokhala phee pambali, n'kumaona mmene timaphukusi ta uthenga wa anthu tikuyendera: kaya tafika msanga, kaya tachedwa, kaya tatayika panjira n'kutumizidwanso. Atamaliza anakhoma chitseko, n'kuchita chinthu chimene chinali chovuta kwa munthu ngati iwo. Anasiya kupita ku laibulale.

Mmene mapazi ankawayabwira! Ankafika pakhonde n'kubwerera. Mayi Kamwendo anayamba kuda nkhawa, poti mayeso anali pafupi ndipo katswiri wawo ankangokhala mu ofesi.

"Kodi mwagwa mphwayi, bambo Thawale?"

"Ayi mayi, ndikumvetsera. Tabwerani muone!"

Pa sikirini panali mizere yoonetsa kayendedwe ka uthenga m'nyumba iliyonse ya pakolejipo. Wa ku maofesi unali wobiriwira. Wa ku nyumba zogona ophunzira unali wobiriwiranso. Wa ku laibulale unkayamba bwino m'mamawa, koma anthu akangochuluka unkafiira psuu, timaphukusi tikutayika, tikutumizidwanso, tikutayikanso. A Thawale ankaloza ndi chala mwachisangalalo.

"Apa ndi pamene kalasi yatuluka. Mwaona kufiirako? Nanga apa, pomwe pabiriwira mwadzidzidzi pakati pa kufiira? Ameneyu ndine, mayi! Dzulo ndinalephera kupirira, ndinakasuzumirako pang'ono, onse n'kutseka malaputopu."

Mayi Kamwendo anagwira pakamwa. Munthu uja anali kudziona yekha pa sikirini, ndipo m'malo mochita manyazi ankadumpha ngati mwana amene wapatsidwa nsapato zatsopano.

Tsopano vuto linali ndi malo ake. Silinali kwa kampani yobweretsa intaneti, silinali m'malaputopu a ophunzira. Linali pakati pa kachipinda ka mawaya ndi laibulale. A Thawale anabwereka makwerero n'kukwera kudenga la laibulaleyo. Kumeneko anapeza kabokosi kakale kogawira netiweki, kodzaza fumbi, koikidwa kale pomwe m'chipindamo munali makompyuta owerengeka. Anthu ochepa kankawanyamula, koma gulu kankalephera, ngati mlatho wa mtengo umodzi. Anakachotsa n'kuikapo kena kamphamvu komwe kanali kungokhala m'sitolo.

Woyang'anira laibulale atawaona akutsika anakweza manja kuti aombe.

"Ayi, ayi, musawaletse!" anafuula a Thawale. "Ana inu, tsegulani zonse! Wa foni, wa laputopu, aliyense alowe. Ine ndikupita."

Anathamangira ku ofesi yawo, fumbi lili mbuu m'mutu, n'kukhala pamaso pa sikirini. Laibulale inadzaza. Mzere wa ku laibulale uja unagwedezeka pang'ono, koma unakhalabe wobiriwira.

Tsiku la mayeso a Thawale sanaponde ku laibulale. Anakhala mu ofesi, maso pa mzere wawo. Nthawi yotumiza itakwana, ophunzira onse anadina pamodzi, mzere unakwera, koma sunafiire. Mfuu inamveka kuchokera ku laibulale, atsikana akululutira, ndipo a Thawale anaimirira n'kuvina okhaokha m'chipinda chopanda munthu. Palibe mwana wa mlimi ndi mmodzi yemwe amene anapita ku tauni.

Tsono inu amene mwapatsidwa anthu oti muwayang'anire, kaya ndinu kholo, mphunzitsi, kapitawo kapena mkulu wa mpingo, imvani. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa kuti tili bwanji tiyankhe kuti tili bwino, ngakhale tikubuula. Mukalowa, anthu amaimirira, amabisa zowawa zawo, n'kukupatukirani njira. Zimenezo n'zabwino, koma musaziyese chithunzi cha moyo wawo. Kufunsa kuli ndi malo ake. Koma nthawi zina khalani pambali, osati kuti mufufuze zinsinsi za anthu, koma kuti muone pomwe katundu akuwalemera. Dzifunseni lero: kodi m'nyumba mwanu mumakhala motani inu mukangotuluka?