Mphepo ya Kunsi kwa Matabwa

Panali munthu wina ku Dedza, dzina lake Chikadza, amene anagula nyumba yakale m'mphepete mwa phiri. Nyumbayo inakhala pa zipilala, pansi pake anakhomapo matabwa, ndipo kunsi kwa matabwawo kunali mpata woti munthu n'kukwawamo. Chikadza sanasuzumireko n'kamodzi komwe. Anali munthu wa suti, mawondo ake osadziwa fumbi.

Mkazi wake, Fanita, anabadwira ku Nsanje, kumene mchenga umawotcha mapazi. Nyengo yozizira ikafika, chifunga chinkatsika m'phiri n'kumeza mitengo ya paini, ndipo mayiyo ankangokhala pampando atapinda miyendo, akulota ali maso.

Tsiku lina anati, "Bambo, mapazi angawa akufuna kwawo. Chisanuchi chikapitirira ndipita, ndipo zobwerera sindikulonjeza."

Chikadza anachita mantha, pakuti ankamukonda mkaziyo. Anagula mabulangete, anayala mikeka, pamwamba pake kapeti, nasonkha mbaula. Alendo ankatama kukongola kwa nyumba. Koma mapazi a Fanita anali ozizirabe, ndipo anayamba kupinda zitenje zake n'kumaika mu sutikesi.

Pamenepo Chikadza anavula jekete, anagwada, nakwawira kunsi kwa nyumba kuti akaone kumene chisanu chinkalowera.

Kunali kamdima konunkhira dothi. Anagona chagada. Kamphepo kankamudutsa pankhope n'kukwera m'mipata ya matabwa mwakachetechete, ngati mwini nyumba. Kenaka anamva mapazi pamwamba pake. Anali a mkazi wake, akuyenda monyang'ama ngati munthu wowoloka mtsinje wozizira, uku akung'ung'udza nyimbo ya kwawo. Zaka zonsezi Chikadza anali asanamvepo kayendedwe kameneka. Anamva chisoni, ndipo misozi inatsikira m'makutu mwake.

Anakatenga utuchi wouma kocheka matabwa, anauthira m'matumba, nawapanikiza pakati pa mitanda yochirikiza matabwa, n'kutchinga ndi waya wa nkhuku kuti asagwe. Timabowo tolowera mpweya ta m'khoma la kunsiko anatisiya, kuti matabwa azipuma, angawole. Anatulukako ndi ukonde wa akangaude kumutu, thalauza litang'ambika m'mawondo.

M'mawa mwake Fanita anaponda pansi wopanda nsapato. Anaima kanthawi. Anapondanso, tsopano ndi phazi lonse, chidendene chomwe.

"Bambo," anaitana motsitsa mawu, "kodi ndikulota?"

Panja chifunga chinali chikadalipo. Koma tsiku lomwelo zitenje zija zinatuluka mu sutikesi.

Abale anga, ambirife timayala za pamwamba zoti alendo atame, pomwe chisanu chikulowera kumene sitifuna kudetsa mawondo. Mwina m'nyumba mwanu muli wina amene akuyenda monyang'ama, ndipo wayamba kale kupinda zovala. Muli chiimire simungamumve. Vulani jekete, gwadani.