Kodi Lukiya ndi Wapaulendo?

Che Lajabu anafika kwa Shehe Mtila Loweruka lina m'mawa, atavala mkanjo wa pa Idi ngakhale kunalibe Idi. Masiku amenewo msewu wa kwathu unali usanaone phula, ndipo munthu akakhala ndi funso sankaimba foni, ankapita yekha n'kukakhala pamkeka. Shehe, Allah awachitire chifundo, anali pakhonde la madrasa akusoka timabuku ta ana tong'ambika. Khondelo linagwa kalekale, koma ife amene tinakulirapo timalisowabe mpaka lero.

Che Lajabu anali ogula nandolo, munthu wodziwika pamsika. Sukulu anailekera Sitandade 5, ndipo zimenezo zinkawapweteka mpaka kukula. Mwana wawo Lukiya atakhoza mayeso a Sitandade 8, anasankhidwa kupita ku sekondale ya masana ya pafupi, yongoyenda pansi. Bambowo anakanitsitsa. Sukulu yanji yopanda labotale, aphunzitsi asanu okha? Anamupezera malo ku sekondale yotchuka ya kutauni, makilomita makumi awiri kuchokera kumudzi, n'kumugulira njinga yatsopano. Kuyambira pamenepo panalibe mlimi amene ankachoka pasikelo pawo asanamve dzina la sukuluyo.

Atapatsana salamu ndi kufunsana za kunyumba, Che Lajabu anakhala bwino n'kuyamba.

"Shehe, ndabwera ndi funso la malamulo. Lukiya amanyamuka kusanache, kubwera dzuwa litalowa. Swala ya Asiri, ya chakumadzulo ija, imamupeza panjira, ya Magharibi polowa dzuwa nthawi zina imamudutsa. Ramadhani nayonso yayandikira. Ndinamva kuti wapaulendo amaloledwa kufupikitsa Swala, ndiponso kumasula swaumu, kusala kudya kuja, n'kudzabweza pambuyo pake. Kodi mwanayu si wapaulendo?"

Shehe anaika singano pansi.

"Munamva zoona, Che Lajabu. Koma ndiloleni ndifunseko kaye, poti ine za masukuluwa sindizidziwa bwino. Sukuluyo ndi yabwinodi?"

"Yabwino zedi! Labotale ilipo, laibulale ilipo, aphunzitsi ake a madigiri. Chaka chatha ana khumi ndi awiri anapita ku yunivesite."

"Mashallah. Mwa khumi ndi awiriwo, opalasa njinga kuchokera kutali ngati kuno analipo angati?"

Che Lajabu anati zimenezo sanafunse.

"Nanga mwanayo amapalasa nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri kupita, awiri kubwera. Mvula ikagwa, padambo paja amachita kukankha."

"Akafika kunyumba amawerenga?"

Apa mawu a Che Lajabu anatsika.

"Buku amatsegula, Shehe. Koma mayi ake amamupeza atagonera pomwepo, chakudya chili pambali osachikhudza."

Panali zina zimene sanauzepo munthu, ndipo tsikulo zinatuluka zokha. Kupulayimale Lukiya sankatsika pa nambala 2. Teremu yathayo anabwera ndi nambala 38. Lipotilo Che Lajabu analipinda n'kulibisa pansi pa sutikesi, mawa lake n'kupita kumsika kukatamanso sukuluyo ngati kale. Anali ndi manyazi, koma chachikulu chinali mantha.

"Ndikamubwezera kuno anthu adzati chiyani? Ndiye kuti mwana ndamutaya ku sukulu yopanda kanthu. Ine sindifuna adzakalambire pasikelo ngati ine, Shehe."

"Kufunira mwana maphunziro ndi ibada, kupembedza Allah kumene, m'bale wanga, musachite nako manyazi," anatero Shehe. "Ndipo sukuluyo sindikuinyoza. Ngati kutauniko kuli wachibale wokhulupirika woti n'kumusunga, musiyeni aphunzire komweko, muzikamuona Lachisanu mukatuluka ku Swala ya Juma."

"Kulibe, Shehe. Ndipo zoti mtsikana azikachita lendi yekha, zimenezo ayi."

"Pamenepo mwaganiza bwino."

Shehe anaika timabuku tija pambali. Anali munthu wosathamangira kuyankha, ngakhale pa funso la mwana wamng'ono, ndipo akamalankhula sankakweza mawu.

"Tsono ndikuyankheni funso lanu. Mwalamulo, makilomita makumi awiri sakwana ulendo wofupikitsira Swala. Lukiya aziswali zonse zathunthu, ndipo Ramadhani ikafika asale kudya. Koma taganizirani chifukwa chimene Allah anaikira chilolezo mwabwera kudzafunsachi. Iye amene anatilenga amadziwa kuti njira imamutha munthu mphamvu, n'chifukwa chake wapaulendo anamuchotsera theka la Swala, imene ili ufulu Wake. Inu mwamuika mwana panjira tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, koma simunamuchotsere kalikonse. Mukufuna akhoze ngati uja wogona pafupi ndi belu la sukulu. Aphunzitsi a madigiri aja akuphunzitsa mwana wosinza. Asanu a kunowa, ndi kuperewera kwawo konse, adzamulandira ali maso, ndipo madzulo adzakhala ndi mphamvu zowerengera. Swala ziwiri mukudandaulazo zimamutengera mphindi khumi, pamene msewu ukumutengera maola anayi. Inu mwabwera kuti tichepetse Swala, Che Lajabu. Pitani mukachepetse msewu."